Kuyeza wosewera basketball wa ku koleji ku America kupyola manambala a box score: mafunso ndi mayankho

Gemu yomwe ikuyamba 7 koloko madzulo ku New York m'mwezi wa Januwale, kuno imatipeza 2 koloko usiku tili m'bulangeti. Ndiye ambirife timangodzuka m'mawa, kutsegula foni, kuona manambala ndi kavidiyo ka mphindi ziwiri, basi mkangano wabuka pa WhatsApp wakuti katswiri ndani. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabwerabwera pa mikangano imeneyo. Ndawapatsa manambala kuti yankho lina lizitha kulozera linzake.

1. Kodi box score n'chiyani kwenikweni?

Ndi pepala lachidule la gemu. Pa dzina la wosewera aliyense pamalembedwa mphindi zomwe wasewera, mipira yomwe waponya ndi yomwe yalowa, ma free throw (kuponya kwa pointi imodzi popanda okumaka, ukachitidwa faulo), mafaulo ndi mapointi. Pamakhalanso ma rebound, kutanthauza kuwakha mpira womwe waphonya ring'i; ma assist, pasi yomwe mnzako wamwetsera pompopompo; ma steal, kulanda mpira; ma block, kuphamula mpira woponyedwa usadafike ku ring'i; ndi ma turnover, kutaya mpira kwa adani usadaponye n'komwe.

Olemba zonsezi ndi anthu okhala patebulo m'mbali mwa bwalo, ndipo kawirikawiri amakhala a sukulu ya eni bwalo. Pointi ndi pointi, palibe angaikane. Koma assist imadalira maso a wolembayo: wina ndi wopatsa, wina ndi waumbombo, choncho pasi imodzimodziyo ikhoza kulembedwa pa bwalo ili n'kusiyidwa pa bwalo linalo.

Pepalali silidabadwe lathunthu. Bungwe la NCAA, loyendetsa masewera a m'makoleji ku America, lidayamba kusunga ma assist mokhazikika mu sizoni ya 1983-84, ndipo ma block ndi ma steal mu 1985-86. Bill Russell adatengera University of San Francisco chikho kawiri, mu 1955 ndi 1956, makamaka chifukwa chotchinga, koma m'mabuku a NCAA mulibe block yake ngakhale imodzi. Ntchito idalipo, wolemba ndiye padalibe. Mpaka lero vuto ndi lomwelo: pepala limatchula munthu amene wakhudza mpira komaliza, osati amene wachititsa kuti zinthu zifike pamenepo.

2. Komatu gemu imawinidwa ndi mapointi. Womwetsa kwambiri si ndiye wofunika kwambiri?

Nthawi zina ndi iyeyo. Koma musadamuveke nkhata, funsani kuti waponya kangati kuti apeze mapointi amenewo.

Pete Maravich wa LSU ankamwetsa mapointi 44.2 pa gemu pakati pa 1967 ndi 1970, mzere wa mapointi atatu kulibe. Luso lake palibe amakana. Chomwe anthu amaiwala n'chakuti ankaponya pafupifupi ka 38 pa gemu, kochi wake adali bambo ake omubala, ndipo timuyo siidalowepo mu mpikisano waukulu wa NCAA m'zaka zake zitatuzo. Winanso ndi Jack Taylor wa Grinnell, sukulu ya mu Division III, gulu lotsika la NCAA, yemwe adamwetsa mapointi 138 pa gemu imodzi mu Novembala 2012. Adaponya ka 108, yolowa 52, anzake onse ntchito yawo itasanduka yomufunafuna iyeyo basi. Mbiri idalembedwa, koma siikutiuza kuti Taylor akadatani atakumana ndi anyamata a Kansas kapena Duke.

Ife ozolowera netball nkhaniyi siiyenera kutivuta. Pa anthu 7 m'bwalo, awiri okha ndiwo amaloledwa kuponya, koma palibe munthu wanzeru anganene kuti senta ndi wongoperekeza chifukwa zigoli zake ndi ziro. Basketball imatinyenga poti aliyense amaloledwa kuponya, ndiye timaganiza kuti amene sakuponya ndiye kuti sangathe.

3. Anthu odziwa amangoti possession, possession. N'chiyani, nanga ikusintha chiyani?

Possession ndi ulendo umodzi womwe timu ili ndi mpira, kuyambira pomwe yaugwira mpaka pomwe wapita kwa adani. Matimu awiri amasinthana maulendo amenewa, ndiye pakutha pa gemu amakhala atapeza maulendo ofanana kapena osiyana ndi amodzi awiri. Wopambana ndi amene wakolola zambiri pa ulendo uliwonse.

Matimu ambiri a Division I, gulu lapamwamba la NCAA, amakhala ndi maulendo apakati pa 60 ndi 75 pa gemu ya mphindi 40, ndipo kusiyana kumeneku si kwamasewera. Loyola Marymount ya kochi Paul Westhead inkathamanga ngati yayaka moto, moti mu 1989-90 inkamwetsa mapointi 122.4 pa gemu. Virginia ya Tony Bennett inkayenda mwakachetechete, maulendo pafupifupi 60, kudikira wotchi ya masekondi 30 oti timu iponye mpira itsale pang'ono kutha. Mnyamata womwetsa 14 ku Virginia ndi womwetsa 20 mu timu yothamanga akhoza kukhala ofanana ndendende, kapenanso wa 14 uja n'kukhala woposa.

Mukhoza kuwerengera nokha kuchokera pa box score. Tengani mipira yonse yomwe timu yaponya, chotseraniponi ma rebound omwe yawakha ku ring'i ya adani, onjezani ma turnover, kenako onjezani ma free throw mutawachulukitsa ndi 0.475. Yankholo ndiwo maulendo. Gawani mapointi ndi maulendo: timu yapakatikati imapeza mopitirira pang'ono pointi imodzi pa ulendo. Maganizowa si achilendo ayi. Dean Smith, yemwe adaphunzitsa North Carolina kuyambira 1961 mpaka 1997, ankayeza timu yake motere kalekale makompyuta asadafale.

Mphindi nazo zimanyenga. Karl-Anthony Towns ankamwetsa mapointi 10.3 okha pa gemu ku Kentucky mu 2014-15. Chifukwa chake, kochi John Calipari adali ndi akatswiri ochuluka moti kumayambiriro kwa sizoni ankawalowetsa asanuasanu mosinthana, ndipo Towns ankasewera mphindi 21 zokha. Mukawerengera pa mphindi 40, mapointi aja akuyandikira 20. Minnesota idamusankha woyamba pa draft ya NBA ya 2015, mwambo womwe matimu a ligi yaikuluyo amasankha osewera atsopano.

4. Nanga maperesenti a kaponyedwe, ndikhulupirire ati?

Peresenti wamba ya FG, gawo la mipira yolowa pa yonse yoponyedwa, imaika mipira yonse m'thumba limodzi ngati kuti ndi yofanana mtengo. Tiyerekeze anyamata awiri aponya ka 10 aliyense. Woyamba walowetsa 5 ya mapointi awiri, wachiwiri walowetsa 4 ya mapointi atatu. Pepala liti woyamba 50 peresenti, wachiwiri 40, koma pa bolodi woyamba wabweretsa mapointi 10, wachiwiri 12. Nambala yotchedwa eFG imakonza zimenezi powerenga mpira wa mapointi atatu ngati mpira umodzi ndi theka, ndiye wachiwiri uja amakhala pa 60.

Ina ndi true shooting, yomwe imaonjezerapo ma free throw. Ndi yomwe imaonetsa phindu la wosewera wolowera pakati pa zimphona n'kumakachitidwa faulo. Munthu wotero amavulaza adani kawiri, chifukwa ku koleji mafaulo asanu okha ndiwe watuluka, pomwe ku NBA ndi 6.

Manambala awiriwa muziwawerenga pamodzi ndi usage, gawo la maulendo a timu lomwe limathera m'manja mwa wosewerayo. Poti m'bwalo muli asanu, chapakati ndi 20 peresenti. Kuponya bwino uli pa 12 peresenti, kumangodikira mpira pakona popanda okumaka, n'kosavuta. Kuponya bwino uli pa 30 peresenti, adani onse akudziwa kuti mpira ukubwera kwa iwe, ndi nkhani ina.

5. Munthu angathandize bwanji timu asadagwire n'komwe mpira?

Yankho labwino lidaperekedwa mu Novembala 2008, Davidson ikusewera ndi Loyola ya ku Maryland. Kochi wa Loyola, Jimmy Patsos, adalamula anyamata awiri kuti amumatirire Stephen Curry gemu yonse, kaya ali ndi mpira kaya alibe. Curry ataona zimenezo adangokaima pakona ndi omulondera akewo, n'kumaonerera anzake anayi akusewera ndi anthu atatu. Adaponya katatu kokha, sadamwetse pointi ngakhale imodzi, Davidson n'kuwina 78-48. Munthu wongoona pepala m'mawa mwake akadati mnyamatayu adadwala m'mimba. Chikhalirecho iye ndiye adawinitsa gemu, ataimirira.

Zoterezi zimachitika pa gemu iliyonse, kungoti pang'onopang'ono. Woponya woopedwa akaima kutali, womumaka sangamusiye kuti akathandize pansi pa ring'i, ndiye njira imatseguka kwa ena. Wina amaima nji ngati chitsa kuti womaka mnzake agunde pa iye, chomwe amati screen, mnzakeyo n'kupeza sekondi imodzi yoponyera momasuka. Wina amathamangira ku ring'i akudziwa kuti sapatsidwa mpira, cholinga akoke womaka wina. Palinso pasi yotsogolera assist, ija imaswa chitetezo koma dzina n'kulembedwa la wopatsira wachiwiri. Paja amati wopusa adaimba ng'oma, ochenjera navina, kungoti mu basketball woimba ng'omayo si wopusa konse. Dean Smith uja ankalamula kuti womwetsa aliyense aloze chala amene wamupatsira, kuti bwalo lonse lione komwe pointi yachokera.

Taonani masekondi 6 omaliza a gemu ya Virginia ndi Purdue mu Malichi 2019, yolimbirana malo mu Final Four, matimu anayi omaliza a mpikisano wa NCAA. Virginia ikutsalira ndi mapointi awiri, Ty Jerome waphonya free throw yachiwiri. Mamadi Diakite, mnyamata wa ku Guinea, sakutha kuuwakha mpirawo pakati pa anthu, ndiye akungouphamula mwamphamvu kubwerera kumbuyo. Kihei Clark, wamfupi pa onse, akuuthamangira mpaka kupyola mzere wapakati. Wotchi ikutha. Ambiri akadangouponya chiponyeponye kuchokera komweko, koma iye akudzutsa mutu, akuona Diakite ali yekha, n'kumutumizira pasi yaitali ya dzanja limodzi. Diakite akuulandira n'kuukankhira ku ring'i belu likulira, 70-70. Virginia idawina 80-75 pa nthawi yoonjezera, kenako n'kukatenga chikho. Pa pepala la tsikulo chomwe chimawala ndi mapointi 42 a Carsen Edwards wa Purdue, ndipo adawayeneradi. Koma kuphamula kuja kulibe mzere wakewake, ndipo kudekha kwa Clark kudalembedwa ngati assist imodzi, yofanana ndi ina iliyonse ya mphindi yachitatu ya gemu.

6. Kodi ma steal ndi ma block sakwanira kuonetsa wotchinga bwino?

Sakwanira, ndipo apa ndiye pomwe pepala limanama kwambiri. Timu imatchinga maulendo oposa 60 pa gemu. Wosewera wa ma steal awiri ndi block imodzi waonekera pa maulendo atatu. Nanga ena onsewo amatani?

Steal nthawi zina ndi juga. Wosewera amasiya munthu wake n'kudumphira pasi: akaupeza mpira dzina lalembedwa, akauphonya anzake atsala anayi kulimbana ndi asanu, koma palibe polemba kuti wawasiya pamtetete. Block nayo chimodzimodzi. Wamtali wokonda kudumphira chilichonse amanyengeka msanga, amadzaza mafaulo, ndipo akakhala m'mwamba munthu wake amakhala akutola rebound pansi. Komanso block yomenyera mpira kwa oonerera imasangalatsa maso, koma mpira umabwerera kwa adani omwewo.

Wotchinga weniweni ntchito yake yambiri ndi zinthu zomwe sizidachitike: pasi yomwe sidaperekedwe chifukwa iye adaima panjira, mdani yemwe adafika pafupi ndi ring'i n'kubwerera ataona manja. Anthony Davis wa Kentucky pa fainolo ya 2012 ndi Kansas adaponya ka 10, wolowa umodzi, mapointi 6. Adasankhidwabe kukhala wosewera wopambana onse. N'zoona kuti ma rebound 16 ndi ma block 6 adalembedwa, koma oonera gemuyo amakumbukira kwambiri anyamata a Kansas akuponya mokhotakhota pomuopa. Kentucky idawina 67-59.

Ku mbali ya amayi, fainolo ya 2024 idaphunzitsa zomwezo. Caitlin Clark wa Iowa adamwetsa 18 mu kota yoyamba yokha. Kochi Dawn Staley wa South Carolina adamuikira Raven Johnson, ndipo m'makota atatu otsalawo Clark adangoonjezera 12. Johnson mwiniwake kuponya kudamukanika tsikulo, koma popanda miyendo yake sizoni yosagonja ya magemu 38 ikadatha kuthera pakhomo penipeni. South Carolina idawina 87-75.

Makochi amadziwa kuti pepala la patebulo ndi loperewera, n'chifukwa chake amasunga lawolawo. Rick Pitino amadziwika ndi kuwerenga kangati anyamata ake akhudza mpira uli m'manja mwa adani kapena uli m'njira, ngakhale asaulande. Shane Battier wa Duke, yemwe bungwe la makochi lidamusankha katatu kukhala wotchinga bwino koposa pakati pa 1999 ndi 2001, adatchuka ndi kuima panjira ya mdani wothamanga kuti amugunde, faulo n'kugwera mdaniyo. Pa pepala zimenezi zimalembedwa ngati turnover ya wogundayo. Wogwa chagada uja, yemwe nthiti zikumuwawa, dzina lake silionekapo.

Palinso pakamwa. Wamkulu woima kumbuyo ndiye amaona bwalo lonse, ndipo ndi iye amafuula kuti screen ikubwera kumanzere kapena kuti sinthanani anthu. Timu yosalankhulana imatchinga mochedwa ndi theka la sekondi, ndipo theka limenelo ndi lokwanira.

7. Rebound ndiye siinama. Wauwakha kapena sadauwakhe, si choncho?

Wauwakhadi, koma funsani kuti ndani wamutsekera adani. Pa rebound iliyonse ya ku ring'i yanu pamakhala wina amene wapereka msana kwa chimphona cha adani n'kuchikankhira kunja. Iyeyo mpira saugwira, umagwera mnzake wopanda womusokoneza. Ndiye kuli bwino kuona ngati timu yonse imawakha gawo lalikulu la mipira yophonyedwa iye akakhala m'bwalo. Onaninso peresenti osati chiwerengero, pa chifukwa chomwe chili mu yankho 3: kothamanga kumaphonyedwa mipira yambiri, yowakha imachulukanso.

Rebound ya ku ring'i ya adani ndi yolemera kuposa ya kwanu, chifukwa imatalikitsa ulendo womwe ukadatha. Koma makochi ena amaletsa anyamata awo kuithamangira, amafuna abwerere msanga kukatchinga. Nambala yotsika ikhoza kukhala kumvera kochi, osati ulesi.

8. Ndamva za plus-minus. Si imeneyo yothetsa mkangano wonse?

Ikadakhala yotero bwenzi tonse titapuma. Plus-minus imawerenga kusiyana kwa mapointi pa nthawi yomwe wosewera ali m'bwalo: timu ikamwetsa 50 n'kumwetsedwa 42 iye alimo, ndiye kuti ali pa +8. Ubwino wake, imagwira zonse za mu mayankho 5, 6 ndi 7 popanda kufunsa kuti wakhudza mpira ndani.

Kuipa kwake, siisiyanitsa iye ndi anzake anayi. Wosewera wamba yemwe amalowa ndi kutuluka limodzi ndi katswiri amaoneka ngati katswiri naye, ngati mwana wokwera pa phewa la bambo ake n'kumati ndine wamtali. Wolowa kuchokera pa benchi amakumana kawirikawiri ndi a pa benchi anzake. Komanso mdani akaponya mpira wovuta n'kulowa mwamwayi, onse asanu amadulidwa.

Ku koleji vutoli limakula chifukwa magemu ndi ochepa, ongopitirira pang'ono 30 pa sizoni pomwe ku NBA ndi 82, ndipo akatswiri ambiri amasewera pafupifupi gemu yonse, ndiye mphindi zoti tione timu ilibe iwo zimachepa. Plus-minus ya gemu imodzi ine sindiiwerengera n'komwe. Ya sizoni yonse, yokonzedwa poganizira anzake ndi adani omwe adali m'bwalo, ndimaitenga ngati mboni imodzi pa mlandu wofuna mboni zingapo.

Chenjeraninso ndi dzina lakuti box plus-minus kapena BPM. Ngakhale likumveka lofanana, nambala imeneyo imaphikidwa kuchokera pa box score yomweyo, ndiye zomwe pepala silidaone nayonso imangoziganizira. Nambala ina yotchedwa PER, ya John Hollinger, ilinso m'gulu lomwelo.

9. Mapointi 25 ku sukulu yaing'ono ndi ofanana ndi 25 ku sukulu yaikulu?

Ayi. Division I ili ndi matimu oposa 350, ndipo wapamwamba ndi wapansi ali kutali ngati kumwamba ndi pansi. M'miyezi ya Novembala ndi Disembala masukulu olemera amalipira masukulu ang'onoang'ono kuti abwere adzamenyedwe pa bwalo lawo, ndipo manambala ambiri onona amachokera m'magemu amenewo. Tsegulani mndandanda wa gemu ndi gemu, muone zomwe wosewerayo adachita kuyambira Januwale, atalowa m'magemu a mu ligi yake, makamaka koyenda.

Kuyambira sizoni ya 2018-19 NCAA imasanja matimu pa muyezo wotchedwa NET ndipo imagawa magemu m'magulu anayi. Gulu loyamba ndi kusewera pakhomo ndi timu ya pa nambala 1 mpaka 30, pa bwalo losakhala la timu iliyonse mwa awiriwo ndi ya 1 mpaka 50, kapena koyenda ndi ya 1 mpaka 75. Manambala a wosewera m'magemu a gulu limeneli ndiwo ndimayamba kuona.

Izi sizikutanthauza kuti ku sukulu yaing'ono kulibe akatswiri. Curry wa mu yankho 5 adali ku Davidson, koma mu Malichi 2008 adagwetsa Gonzaga, Georgetown ndi Wisconsin motsatizana. Umboni wake udali umenewo.

10. Manambala okonzedwa kalewa ndingawapeze kuti?

Otchuka ndi KenPom ya Ken Pomeroy, yomwe zambiri zake n'zolipira, T-Rank ya Bart Torvik yomwe ndi yaulere, ndi EvanMiya ya Evan Miyakawa yomwe imayesa kuyeza mmene wosewera amasinthira timu akakhala m'bwalo. Sports Reference ili ndi mbiri ya osewera akale ndi atsopano. Onsewa amaima pa maziko a maulendo aja, ndiponso pa zinthu zinayi zomwe Dean Oliver adati ndizo zimawinitsa gemu: kuponya bwino, kusataya mpira, ma rebound ndi ma free throw, motsatana choncho pa kulemera kwake. Makochi ali ndi Synergy, yomwe imadula kanema wa gemu ulendo ndi ulendo, koma mtengo wake si wa munthu wamba.

11. Nanga amene wawala pa March Madness?

March Madness ndi mpikisano waukulu uja wa NCAA woyamba mu Malichi, wa ndagonja ndatuluka, ndipo ngakhale wotenga chikho amasewera magemu 6 kapena 7 basi. Pa fainolo ya 2013, Trey Burke wa Michigan atakhala pansi ndi mafaulo awiri, Spike Albrecht yemwe ankamwetsa pafupifupi mapointi awiri pa gemu adalowa n'kumwetsa 17 chigawo choyamba chisadathe. Udali usiku wosaiwalika, koma Albrecht adadzuka m'mawa ali wosewera yemwe uja. Tsiku limodzi siliwoza mbewa. Chomwe Malichi amaonetsa bwino ndi china: kodi wosewerayu ali ndi chofooka chomwe kochi wanzeru angachipeze m'masiku awiri okonzekera?

12. N'chifukwa chiyani ena opambana ku koleji sasankhidwa msanga ku NBA?

Chifukwa mafunso ake ndi awiri osiyana. Ku koleji timafunsa kuti wawinitsa magemu angati chaka chino. A NBA amafunsa kuti pakatha zaka zisanu adzakhala ndani, pa bwalo lomwe mzere wa mapointi atatu uli pa mamita 7.24 osati 6.75, ndipo aliyense ndi wamtali komanso wothamanga.

Oscar Tshiebwe, mwana wa ku Lubumbashi, adatenga mphoto zonse zikuluzikulu za wosewera wopambana mu 2022 ali ku Kentucky, akuwakha ma rebound 15 pa gemu. Pa draft ya 2023 palibe timu idamutchula. Luka Garza wa Iowa, wopambana wa 2021, adasankhidwa pa nambala 52. Onsewa pansi pa ring'i adali osagwirika, koma a NBA adakayika ngati angamake anyamata aliwiro kutali ndi ring'i. Zimenezo sizichotsa kanthu pa zomwe adachitira masukulu awo.

Ofufuza osewera amayang'ana zaka, kutalika kwa manja, liwiro la miyendo ndi peresenti ya free throw, poti mzere wa free throw uli pa mtunda womwewo kulikonse ndipo palibe amakumaka. Koma nawonso amaphonya. Draymond Green wa Michigan State adatengedwa pa nambala 35 mu 2012, Jalen Brunson wa Villanova pa 33 mu 2018 atawina chikho kawiri. Ofufuzawo adaona kufupika ndi zaka zawo, osaona mutu. Mbali inayo, Hasheem Thabeet wa ku Tanzania adatengedwa wachiwiri mu 2009 chifukwa cha ma block ake ku UConn, ndipo ku NBA sizidayende.

13. Wosewera akasamuka sukulu, manambala ake amasamuka naye?

Si onse. Kuyambira 2021 osewera amasamuka popanda kukhala chaka osasewera, ndipo chaka chomwecho adaloledwa kupeza ndalama kudzera m'dzina ndi chithunzi chawo, ndiye msika wake ndi wotentha chaka chilichonse. Chomwe chimasamuka bwino ndi luso: kuponya, kuwakha, kutchinga, kuona pasi. Chomwe chimatsala ndi udindo. Amene adali ndi usage ya 30 ku sukulu yaing'ono akafika kwakukulu amapeza mpira uli ndi eni ake. Funso n'lakuti akalandidwa mpirawo, chatsala n'chiyani chomusunga m'bwalo?

14. Bandulo yanga ndi yochepa, sindingaonere magemu onse. Ndichite bwanji?

Siyani mavidiyo a zowala zokhazokha, amaonetsa mipira yolowa basi, ndipo paja kandimverere adakanena za m'maluwa. Sankhani chigawo chimodzi cha gemu yolimba, ya gulu loyamba la mu yankho 9, ndipo kwa maulendo 10 otsatizana musayang'ane mpira. Poyamba zimavuta, maso amathawira komwe kuli mpira ngati nkhuku ku madeya. Akakamizeni akhale pa munthu wanuyo.

Timu yake ikataya mpira, amathamanga kubwerera kapena amayamba wadandaula kwa oimbira? Mpira ukakhala mbali ina ya bwalo, mutu wake umaona zonse ziwiri, mpira ndi munthu wake, kapena wangoti maso pa chimodzi? Mpira ukaponyedwa, amayamba wapeza thupi loti alitsekere kapena amangoyang'ana kumwamba? Akapatsira, amaima kapena amasuntha? Yang'ananinso womumaka: ngati amamusiya dala n'kukaima pakati, ndiye kuti kochi wa adani waonera makanema onse ndipo waweruza kale kuti ameneyu saopsa.

Kenako thamangitsani kanemayo mpaka kumapeto. Pa magemu a amuna oonetsedwa pa TV pamakhala kupumira wotchi ikangotsika pansi pa mphindi 16, 12, 8 ndi 4. Akamabwerera kuchokera pa kupumira komaliza kuja, gemu ili pafupipafupi, werengani asanu omwe kochi wawalowetsa. Kawirikawiri mumapezamo mmodzi wa mapointi 4 kapena 6, pomwe wina wa mapointi 15 wavala jekete pa benchi. Musadagamule, onani kaye mzere wa mafaulo, mwina wa 15 uja ali ndi asanu kale. Ngati ali ndi awiri okha, bwererani kumbuyo mukaonerenso maulendo 10 aja, ulendo uno maso ali pa wa mapointi 4.